Dengu la Abiti Juma

Loweruka lapitali ndinali ku Bangwe, ku sadaka ya Abiti Juma. Ana awo anaphika mpunga ndi nyama ya mbuzi, mashehe anapemphera m'nyumba, ife amayi tinayala mphasa kuseri. Ine ndine Mkatolika, miyambo ya Chisilamu sindiidziwa bwino, kotero ndinkangoonera anzanga, akatambasula manja nane n'kutambasula. Koma maso anga sankachoka pa dengu lawo lija. Wina analipachika pa msomali wa pakhomo la khitchini, ndipo anthu ankalidutsa osaliyang'ana n'komwe. Dengu limenelo linadzutsa mabanja ambiri mu Blantyre muno. Linapwetekanso mwana mmodzi, ndipo mwini dengu anapita kumanda nkhani ya mwanayo idakali pamtima.

Amene ankagula zitenje mumsika wa Limbe akuwakumbukira Abiti Juma, mayi wamfupi wojintcha, wa mpango woyera, wa mawu omveka kuchokera pa benchi yawo ya malonda mpaka kwa ogulitsa tomato. Ife tinkawadziwira kwina. Lachitatu lililonse ankasiyira mpongozi wawo malonda n'kupita ku chipatala, pa khonde limene makolo timadikirira ndi ana odwala matenda a maganizo. Sanali namwino, ndipo panalibe amene anawalemba ntchito. Ankangokhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi mpopi, n'kumatchera maso amene akubwera koyamba. Ankati wobwera koyamba sasowa, chifukwa amayenda ngati akupita kwina, maso ali pa simenti.

Inenso ndinafika choncho, nditagwira dzanja la mwana wanga Dalitso, amene pa nthawiyo ankamva mawu omulankhula omwe ife tonse sitinkawamva.

"Khalani apa, mayi, benchiyi siluma," anatero mayi amene sindinkawadziwawo, akusendera. "Dzina lake ndani mnyamatayu?"

Ndinawauza.

"Amadya? Amagona? Nanga inuyo, amake Dalitso, mwadya chiyani lero?"

Funso lomalizalo ndi limene linandiliza, poti chiyambire matendawo panalibe amene anandifunsapo za ine. Sanandiletse kulira. Anatulutsa chinangwa chophika m'chikwama, n'kunyema pakati, china kupatsa Dalitso china ine.

Ndisawadzoze mafuta poti anamwalira. Abiti anali munthu wovuta. Mawu akuti wamisala akawamva ankadzambatuka, kaya wanena ndi mlonda kaya ndi kholo lenileni la mwanayo, n'kukufunsa ngati mwanayo anabadwa wopanda dzina. Amene ankauza makolo kuti ataye mapiritsi ankakangana nawo mosasankha, kaya ndi mneneri, kaya sing'anga, kaya shehe wa ku mzikiti kwawo komwe. Ankati kupemphera apemphere mpaka mawondo atupe, koma mwana amwe mankhwala. Tsiku lina pa depoti ya Limbe kondakitala anakaniza mayi wina kukwera chifukwa mwana wake ankadziyankhulira yekha mokweza. Abiti anakwera n'kukhala pampando wa pakhomo, mwendo umodzi uli kunja.

"Iwe umakuwa tsiku lonse kuti Bangwe, Bangwe, watsala mmodzi, pamene galimoto ilibe anthu, koma palibe wakumanga," anamuuza kondakitalayo. "Uyu wangoyankhula pang'ono waona nkhani? Tseka chitseko tione."

Anthu anafa nacho chiseko, dalaivala n'kulamula kuti mwanayo akwere. Nkhani imeneyi Abiti ankaikonda kwambiri, ndipo akaifotokoza kondakitala uja ankakula msinkhu chaka ndi chaka.

Koma chimene ankadziwika nacho kwenikweni ndi kuzonda. Kwathu kuno munthu akadwala malungo kapena akathyoka mwendo, anansi amabwera ndi nthochi, buledi, phala m'fulasiki, n'kukhala pakhonde kumupepesa. Mwana akadwala maganizo pakhomo pamati zii. Makatani amatsekedwa, mwana amasungidwa ku chipinda chakumapeto, alendo akafunsa timati anapita kwa azakhali ake ku Mulanje. Abiti zimenezi ankadana nazo ndi mtima wawo wonse. Akadziwana ndi banja pa benchi paja, ankadzaza dengu, n'kuphimba ndi kansalu koyera, n'kusenza pamutu dzuwa lili paliwombo. Njira zachidule sankazifuna. Ankadutsa msewu waukulu akupereka moni kwa aliyense, ndipo wofunsa ankamuyankha mosabisa kuti akukazonda mwana wa uje, akudwala.

Kwathu ku Chilomoni anafika chomwecho. Ndinachita manyazi mpaka kulakalaka nthaka itang'ambika. Koma m'mawa mwake mnansi wanga, amene anali atasiya kundibwereka ngakhale mchere, anagogoda ndi mbale ya mandasi n'kufunsa kuti Dalitso wadzuka bwanji. Kuyambira tsiku limenelo makatani a kwathu anatseguka. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe chifukwa chake ndinkawakhulupirira.

Gwero la denguli anandiuza kamodzi kokha, mvula itatitsekereza pa benchi yawo ya zitenje. Anali ndi mwana wamwamuna, Yusufu, amene anayamba kudwala atangolowa sekondale. Amuna awo anali dalaivala wa malole, nthawi zambiri ali paulendo, kotero mtolo wonse unali pa iwo. Zaka zinadutsa popanda munthu wobwera kudzamuona mwanayo. Kenaka Yusufu anadwala malungo aakulu, ndipo mzere wonse wa nyumba unabwera ndi nthochi. Atachoka alendowo, mnyamatayo anafunsa mayi ake kuti, "Amayi, kodi anthuwa angodziwa lero kuti ndimadwala?"

Yusufu anamwalira atagundidwa ndi galimoto pafupi ndi siteshoni ya sitima, tsiku lina atachoka pakhomo osatsazika.

"Pa maliro ake nyumba inadzaza, ena anakhala mumsewu," anandiuza akupinda chitenje chimene chinali chopinda kale. "Ndinawayang'ana onsewo n'kunena mumtima kuti anthu inu, nthochi imodzi akadali moyo ikanakwana."

Zinthu zinasintha pamene bungwe lina logwira ntchito ndi chipatalacho linayamba kuphunzitsa makolo ngati ife kuti tizithandiza makolo anzathu mwadongosolo. Wotsiriza maphunzirowo ankalandira satifiketi ndi khadi yovala pakhosi. Kunalengezedwanso kuti kuyambira pamenepo, a khadi okha ndi amene azilowa m'chipinda cholankhuliramo ndi mabanja, ndiponso kutumidwa kumakomo. Kwa Abiti zimenezi zinatanthauza kuti akapanda kukhoza, ntchito imene anaiyamba okha pa khondepo iwachoka m'manja. Anakalipa sabata yathunthu kuti satifiketi yawo ndi Yusufu, ili kumanda, wofuna akaiwerenge komweko. Kenaka anakalembetsa. Nane ndinalembetsa.

Ankatiphunzitsa a Sisita Gondwe, namwino wofatsa koma wosasunthika pa mfundo. Tinaphunzira kumvetsera popanda kudula munthu mawu, ndipo apa Abiti anatuluka thukuta, chifukwa poyeserera ankamudula mnzawoyo asanamalize n'kupereka moni komwe. Tinaphunzira kuti za kuchuluka kwa mankhwala si zathu, n'za adokotala. Tinaphunzira kuti mwana akayamba kunena za kudzipha sitidikira Lachitatu, timathamanga naye tsiku lomwelo. Zonsezi Abiti anazimeza. Pamene anatsamwa ndi pa nkhani yosunga chinsinsi.

"Sisita, chinsinsi ndi chimene chinandiphera mwana," anatero m'kalasi, ataimirira.

"Ndikumva, mayi," anayankha a Sisita Gondwe. "Koma wobisa kapena woulula akhale mwini nkhani. Ife ntchito yathu n'kuima pambali pake."

Abiti anangoti mhm, n'kukhala pansi. Amene tinkawadziwa tinazindikira kuti sanagonje.

Mayeso omaliza anali opita awiriawiri ku banja limene lavomera kuyenderedwa. Ine anandiphatikiza ndi Abiti, n'kutituma ku Chitawira kwa banja limene ndilitchule kuti la a Mbewe. Mainawa ndasintha, ndipo ndisanalembe izi ndinapempha chilolezo kwa mayi a m'nyumbamo. Bambo Mbewe ankagwira ntchito mu ofesi m'tauni, analinso mkulu wa mpingo. Mwana wawo Tadala anali mu Fomu 2. Anali atadutsa miyezi yovuta, osadya, kumangodzitsekera n'kumalira, koma mankhwala anali atayamba kugwira ndipo anali atabwerera kusukulu. Mayi ake anapempha a Sisita kuti kubwere munthu wodzacheza nawo mwakachetechete.

Linali Loweruka chakumasana. Nditatsika minibasi pa siteji ndinawapeza Abiti afika kale, dengu lili pamutu, kansalu koyera kakupepeluka.

"Abiti, a Sisita anati tipite ngati alendo wamba."

"Kwanu ku Chilomoni alendo wamba sanyamula nthochi? Tiyeni, amake Dalitso, dzuwa likutentha."

Mumsewumo munali anthu. Amayi ankachapa m'mipanda, ndipo pakhonde la golosale ina atsikana angapo ankalukana tsitsi. Mwini golosaleyo, mayi wochezeka, anatipatsa moni n'kufunsa kuti katunduyo akupita kwa yani.

"Tikukazonda Tadala wa a Mbewe," anatero Abiti ndi mawu awo a mumsika aja. "Akudwala maganizo. Ndi matenda ngati ena onse. Nanunso mukapeza mpata mukamuone."

Ndinaona atsikana aja atasiya kuluka n'kuyang'anizana. Pa nthawiyo sitinkadziwa kuti ena mwa iwo anali a kalasi imodzi ndi Tadala.

Mayi Mbewe atatsegula geti anayang'ana dengu, n'kuyang'ananso mitu imene inkasuzumira pa mipanda ya anansi, nkhope yawo n'kugwa. Komabe anatilandira mwaulemu, poti mlendo wonyamula sabwezedwa. Chopweteka n'chakuti kuchezako kunayenda bwino. Tadala anatuluka m'chipinda, kamtsikana kowonda ka maso aakulu, n'kukhala pafupi ndi Abiti. Abiti anamuseka kuti wawonda ngati singano, kuti adye asanauluzike ndi mphepo ya Chiperoni. Mwanayo anamwetulira n'kudya nthochi ziwiri. Pobwerera Abiti ankayenda mwamatama, akundifunsa ngati ndaona mmene mwana wadyera.

Sabata yotsatira bambo Mbewe anabwera ku chipatala. A Sisita anatiitanira m'chipinda tonse. Bambowo sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Anafotokoza kuti Lolemba Tadala atalowa m'kalasi, anzake anasuntha madesiki n'kumusiya yekha pakati. Pa nthawi yopuma anyamata ankamutsatira akutola zinyalala n'kumadziyankhulira okha momunyoza. Tadala anabwerera kunyumba nthawi yoweruka isanakwane.

"Mwana wanga anali atayamba kudzuka yekha, kusita yunifolomu yekha," anatero bambo Mbewe. "Lero sakutuluka ngakhale kukayanika zovala. Mayi, munatifunsa?"

"Ine ndinkafuna kuti anthu azibwera kudzamuona," anayankha Abiti.

"Akubweradi. Akumabwera kudzasuzumira pa mpanda."

Aka kanali koyamba kuwaona Abiti Juma ataweramitsa mutu pamaso pa munthu.

Tsiku lolandira masatifiketi dzina lawo silinaitanidwe. A Sisita anali atawauza kale pambali kuti sangawapatse khadi munthu amene waulula za banja popanda chilolezo, koma khomo lobwereza maphunziro n'lotsegula. Abiti anasiya kubwera Lachitatu. Malo awo pa benchi anakhala opanda munthu kwa nthawi ndithu, ndipo makolo ankandifunsa ngati akudwala. Ndinawalondola kumsika. Ndinawapeza akulusira aliyense, a Sisita, bungwe lija, anthu a ku Chitawira odzimva, aphunzitsi osalanga ana. Ndinangowamvetsera, monga anatiphunzitsira. Mkwiyo utaphwa anakhala pa mpukutu wa nsalu n'kuyang'ana pansi.

"Amake Dalitso, Yusufu ankafuna anthu. Ine ndinkayesa kuti ana onse ndi Yusufu." Anapukusa mutu. "Amati safunsa adadya phula. Koma apa wosafunsa ndine, phula wadya ndi mwana wa eni."

Anatuma uthenga kudzera mwa a Sisita kuti akufuna kukapepesa. Bambo Mbewe anayankha kuti amva, koma asabwere. Amene tinkawadziwa tinkayembekezera kuti apitabe, poti geti lotseka silinawaletsepo. Sanapite.

Chaka chotsatira analembetsanso maphunziro. Anali wamkulu kuposa onse m'kalasimo, ena a msinkhu wa ana awo, koma ankakhala kutsogolo. Pofika pa phunziro la chinsinsi anapempha okha kuti alankhule, n'kufotokoza za dengu lija osatchula dzina la banja kapena dera. Ulendo uno anakhoza. Khadi yawo ankaivala pamwamba pa mpango kuti aliyense aione, ngakhale kumsika, ndipo wogula chitenje akafunsa ankamupatsa phunziro lonse laulere.

Apa m'pamene anayamba funso limene makolo onse a pa khonde paja akulidziwa. Asanapite pakhomo pa munthu ankayamba amutengera pambali n'kumufunsa kuti, "Ndibwere ndi dengu kapena ndi manja okha?" Mwana akakhala wamkulupo ankamufunsanso iye mwini. Ena ankati dengu, ndipo Abiti ankasenza n'kudutsa msewu waukulu ngati kale. Ambiri ankati manja okha. Zikatero ankapita ngati mayi wodzagulitsa nsalu, nthochi zili m'chikwama cha m'manja, zikufika zitaphwanyika. Sanasiye kukhulupirira kuti kubisa kumapha. Ankakangana nawobe makolo kuti makatani sachiza munthu. Koma akamaliza kukangana ankachita zimene mwini nyumba wanena.

Ine mpaka lero nkhaniyi imandivuta. Dengu lomwelo ndi limene linatsegula makatani a kwathu, ndipo popanda ilo sindikudziwa kuti Dalitso akanakhala kuti. Lomwelonso linachotsa Tadala pasukulu. A Sisita ankanena zoona, Abiti nawo ankanena zoona, ndipo amene analipira ndi mwana amene sanalakwire aliyense. Zimenezi zimandiwawa, ndipo sindinapeze malo ozitula.

Abiti zinkawawawa koposa. Minibasi ikamadutsa ku Chitawira ankasiya nkhani pakati n'kuyang'ana pawindo. Kangapo konse ndinawamva akufunsa a Sisita kuti mwana uja ali bwanji, kaya anabwerera kusukulu.

"Mayi, mukudziwa kuti sindingakuuzeni," ankayankha a Sisita mofatsa.

Abiti ankagwira khadi yawo ija n'kugwedeza mutu. Lamulo limene analivutikira kuliphunzira ndi lomwe linkawabisira chinthu chimodzi chimene ankafunitsitsa kudziwa.

Anadwala sitiroko nyengo yozizira yapitayi. Atawatulutsa m'chipatala anakagona kwawo ku Bangwe, mbali imodzi itafa, mawu akutuluka movutikira. Pakhomo panali piringupiringu wa ozonda. Kunabwera Asilamu, Akatolika, a mipingo ina, amayi a mumsika, makolo a pa benchi ndi ana awo, nthochi mpaka kusowa poziika. Mkati mwa sabata imeneyo ndinalandira foni kuchokera kwa mayi Mbewe. Tinali tisanalankhulanepo chichokere tsiku lija, ngakhale ndinkawaona patali pa khonde la chipatala.

"Ndamva kuti mayi aja akudwala," anatero. "Mukawafunse. Ndibwere ndi dengu kapena ndi manja okha?"

Ndinapita tsiku lomwelo nditaweruka kuntchito kwanga ku Makata. Nditawauza, Abiti anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ikutsika.

"Dengu," anatero movutikira. "Adutse mumsika." Kenaka anandigwira dzanja. "Tadala?"

Ndinawauza kuti sindikudziwa, koma Loweruka mayi ake akabwera adzawafunse okha.

Anamwalira Lachisanu m'mawa, ndipo mwa mwambo wawo anaikidwa masana a tsiku lomwelo. Uthenga unawapeza mochedwa mayi Mbewe. Loweruka anafikabe, dengu lili pamutu, atadutsa mumsika monga anauzidwira, n'kupeza amayi titakhala pamphasa. Anatula dengulo pakati pathu n'kulira ngati wafedwa mayi wake. Pambuyo pake anandiuza kuti Tadala sanabwererenso kusukulu ija. Akuphunzira kusoka kwa telala wina kutali ndi kwawo, masiku ena ali bwino, masiku ena ayi. Kansalu kophimba dengulo anapenderera ndi iyeyo. Atamufunsa ngati apite nawo, anayankha kuti sanakonzeke. Zonsezi zikanatenga kamphindi kochepa kuwauza Abiti, ndipo zinachedwa ndi tsiku limodzi.

Lachitatu ndinali pa khonde la chipatala, khadi yanga pakhosi. Benchi ikadali pomwe paja. Kumapeto kwake, pafupi ndi mpopi, thabwa linasalala n'kuda chifukwa cha zaka zimene Abiti anakhalapo, ndipo pa khoma pali msomali umene ankapachikapo chikwama cha chinangwa. Mpopiwo ukudonthabe, poti amene ankakalipira a zokonza kulibe. Obwera koyamba akubwerabe, maso ali pa simenti. Ife timawalandira mwaulemu monga tinaphunzirira, koma palibe wa ife amene ali ndi mawu ofika ku geti. Makolo akale sakhala pamalo pajapo ngakhale benchi itadzaza, amalolera kuimirira. Mayi Mbewe amabwerabe kudzatenga mankhwala a mwana wawo, ali okha. Amakhala chakumapeto komweko n'kusiya mpata wa munthu mmodzi pakati pa iwo ndi mpopi. Sindinawafunse ngati mpatawo amasiyira Abiti kapena Tadala.